Esinati Akadali pa Kamwendo

Lero ndi sabata yachitatu
Esinati ali chiimire pa Kamwendo,
chikwama m'manja,
phazi limodzi pakhomo la minibasi,
linalo likadali m'fumbi.
Ndinamusiya pomwepo, pa tsamba la makumi anayi ndi awiri,
pa mawu akuti "ndipo anati,"
poti Ndaziona anakuwa panja
kuti mbuzi za kwa a Jere zagwera mtedza pamkeka.

Anati chiyani? Musandifunse.
Mawuwo ndinali nawo pakamwa,
ndinawameza pothamangitsa mbuzi.

Ndimadzuka atambala asanayambe mkangano wawo,
kuyatsa tochi ya foni, kuitsamiritsa pa kapu,
kope pabondo, bulangete kumutu.
Cholembera chikangoti pa pepala khu,
apongozi atsokomola kuseri kwa chitseko:
"Kodi mwadzuka? Mapiritsi anga aja a shuga."
Ndawapatsa. Ndabwerera.
Kondwerani wanyowetsa mphasa.
Ndamusintha, ndamusisita, wagona.
Kunja kwayera.

Ku mjigo ndimalemba ndi mutu.
Mpini ukakwera, liwu,
ukatsika, liwu lina.
Ndime yathunthu ndimaisenza pamodzi ndi ndowa,
koma njira yathu ili ndi moni wambiri.
Pofika pakhomo madzi afika onse,
ndime yakhavukira m'njira.

Achimwene a Yotamu aimba foni ali ku Mkanda:
"Iwe poti dzanja lako ndi lopepuka,
tilembere kalata ya ngongole ya feteleza."
Amayi a mvano akufuna malipoti a msonkhano.
Pa maliro a kwa a Mbewe wolemba chipepeso ndine:
uyu mbale ya ufa, uyu mtolo wa nkhuni,
uyu wangobwera ndi misozi.
Mudzi wonse umadziwa kuti ndimalemba.
Palibe anafunsapo kuti ndikulemba chiyani.

Bambo a Ndaziona si munthu woipa.
Kopeli anagula okha paboma,
la chikuto cholimba, osanenerera mtengo.
Koma dzana ndapeza kumasamba akumapeto
ndowa zisanu ndi ziwiri za mtedza, kuchotsera ya ganyu,
ndi nambala ya venda wa ku Mwami.
"Ndimangofuna kapepala," atero.
Inenso ndimangofuna ka ola.

Usiku Esinati amandibwerera.
Mphepo ya Juni ikumulowa m'bulauzi,
kondakitala mawu asasa ndi kuitanira,
anyamata a kabaza ayamba kumunena.
Anachoka pa banja pa tsamba la makumi atatu
osatembenuka, osatseka n'chitseko chomwe,
koma tsopano akudikira ine,
mkazi amene mbale ziwiri zakuda
zimamubweza pakati pa chiganizo.

Lamulungu masana nyumba inati zii.
Ana ku mpira, bambo awo ku bawo,
apongozi akuwodzera padzuwa, wailesi pamiyendo.
Ndinasamba m'manja ngati ndikupita ku mgonero.
Ndinatsegula.

Wina anali atafika kale.
Kutsogolo kwa "ndipo anati,"
ndi pensulo yosasongola, zilembo zopendama za sitandade 3:
amayi ndili ndi njala.

Ndinaseka mpaka apongozi anadzidzimuka.
Kenaka ndinatenga chofufutira,
n'kuchigwira, n'kuchigwirabe.

Masamba makumi anayi ndi awiri
ndakhala ndikuyenda naye mkaziyu
osadziwa kuti m'mbuyo mwake muli mwana,
kamtsikana kosavala nsapato
kamene kamulondola kuchokera kumudzi
n'kugwira nsonga ya chitenje
pomwe injini yayamba kulira.

Sindinafufute.
Ndinalemba pansi pake: Esinati anatembenuka.
Mawu awiri, a sabata zitatu.
Lachitatu linali kubwera, ndinalimva pakhosi,
pamene belu la njinga linalira pabwalo
ndi mawu a azakhali a ku Kapiri:
"Odi kuno! Tabwera kudzagona!"

Dikira, Esinati.
Gwira mwanayo dzanja, pamsewupo pamathamanga magalimoto.
Ndikukapha nkhuku.